Liwu Limene Linachotsedwa pa Fomu

6 Febuluwale

Chitsiriza mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino kulikuluko. Ine ndilipo, mkulu wako ndi ana ake alipo, mlamu wakonso alipo, tikupumira limodzi utuchi pa macheka monga mwa masiku onse. Ndalemba kalata chifukwa za pafoni ukudziwa kale, makina anandidya makutu.

Lolemba anatizimitsitsa makina onse m'fakitale, n'kutikhazika pa milu ya matabwa. Bwana watsopano uja, amene anthu amutcha Manokunja chifukwa milomo yake sikumana, anagawa timabuku tobiriwira. Akuti kampani yathu ya mipando yasintha kalankhulidwe. Sitilinso antchito, ndife "abale." Ine amene ndakhala kapitawo wa gawo la macheka zaka makumi awiri ndi zitatu, akuti tsopano ndine "mlangizi." Munthu akachotsedwa ntchito tiziti "wamasulidwa," ngati mbuzi. Dandaulo ndi "mphatso." Ngozi tisamaitchule, tiziti "phunziro."

Ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati macheka nawo auzidwa kuti ndife abale awo. Anthu anaseka. Manokunja anasekanso, koma ndinamuona akulemba kenakake m'kabuku kake.

Nditafika kunyumba ndinatembenuza kabuku kaja, kuseri kwake ndinapeza dzina lako. Ndinavala magalasi kuti mwina maso akundinamiza, dzina linali lomwelo. Pamene unalembedwa ntchito kulikulu la kampani yomwe ino ndinayenda chifuwa patsogolo mwezi wathunthu. Sindinadziwe kuti ntchito yake ndi yophunzitsa bambo ako kulankhula.

Mpando wogwedera suchira chifukwa chousintha dzina, umafuna guluu ndi msomali. Undiyankhe ngati zimenezi walemba ndi mutu wako kapena anangokubwereka dzina.

Bambo ako

24 Febuluwale

Bambo wanga okondedwa,

Muli bwanji kunyumbako? Pepani ndachedwa kuyankha. Ndinali kuzungulira nthambi zina za kampani kukaphunzitsa za kabuku komweko, kalata yanu ndaipeza lero pansi pa mafayilo. Funso lanu la macheka landiseketsa ndekha mu ofesi.

Inde, ndinalemba ndine, ndipo sindikuchita nako manyazi. Chaka chatha tinagawa timapepala topanda mayina m'nthambi zonse, kufunsa antchito chifukwa chake sanena chinthu chikayamba kuwonongeka. Ambiri anayankha zofanana. Akuti liwu loti ngozi likangotchulidwa, funso lotsatira limakhala loti walakwa ndani, ndipo amene wanena ndi amene amakathera kunja kwa geti. Ndiye anthu amabisa. Ine ndinaganiza kuti tikasintha liwu, funso loyamba likhala loti tikonze chiyani. Munthu amene mukumutcha m'bale simungamutukwane mophweka ngati mmene mungatukwanire wantchito. Mwina museka, koma mupatseni mwayi kabukuko miyezi itatu yokha.

Ndili ndi nkhani yabwino. Lachisanu lapitali lipoti la mwezi linafika, ndipo nthambi yanu ndi imene ikutsogola: masiku mazana atatu popanda wovulala. Akuluakulu anaomba m'manja. Ine ndinanong'oneza mnzanga kuti kumeneko n'kumene kuli bambo anga.

Mupereke moni kwa akulu anga ndi ana. Alamu muwauze kuti kabati imene anandilonjeza sindinaiiwale. Manja awo aja ndi a golide, asamangowathera pa mipando ya eni.

Mwana wanu,
Chitsiriza

2 Malichi

Mng'ono wanga,

Moni ndikupatsa chifukwa kalata imayamba choncho, koma mtima wanga suli pamenepo.

Alamu ako macheka anawadula zala ziwiri za dzanja lamanja, cholozera ndi chapakati. Linali Lachiwiri pa 18. Chotchinga cha macheka chinaguluka thabwa lili pakati. Bambo ndi amene anawamanga dzanja ndi malaya awo n'kuwakweza pa lole ya matabwa kupita kuchipatala. Ndinafuna kukuimbira tsiku lomwelo koma bambo anandiletsa. Anati malipoti onse amadutsa pa desiki yako, ukudziwa kale, tione ngati uimba wekha. Tinadikira masiku khumi. Kenaka kunabwera kalata yako ya kabati ndi manja a golide.

Bambo anaiwerengera pa benchi ya kuchipatala, pamene tinapita kukasinthitsa bandeji. Anaipinda n'kundipatsa. Munthu amene amakalipira ngakhale ntchentche, sanakalipire aliyense mpaka kunyumba.

Manokunja anabwera kudzaona wodwala. Anabweretsa malalanje ndi khadi yolembedwa kuti, "M'bale wathu, zikomo chifukwa cha phunziro limene mwatipatsa." Mabwana onse anasayina. Alamu ako, mmene umawadziwira, anathokoza mpaka kufuna kudzuka pa bedi. Ine ndinatuluka panja kuopa kuti malalanje aja ndingamubwezere kumaso.

Lachisanu ndinapita ku ofesi ya inshuwalansi kukafunsa za chipukuta misozi. Akuti amafuna fomu yochokera kukampani yonena kuti inali ngozi ya pa ntchito. Ndinawaonetsa imene Manokunja anatipatsa. Fomu yatsopanoyo ili ndi mabokosi atatu okha: phunziro laling'ono, phunziro lalikulu, mphatso. Kalaliki wake anaiyang'ana n'kunena kuti iwo salipira maphunziro, za maphunziro ndikafunse kusukulu. Anzake anaseka. Ine ndinaima pamenepo ndi pepala m'manja ngati wamisala.

Ndikufuna undiyankhe chinthu chimodzi, popanda mawu a m'kabuku. Unadziwa kapena sunadziwe?

Mkulu wako

9 Malichi

Chitsiriza,

Ndikhulupirira uli moyo. Mkulu wako akuti unaimba foni ukulira, akuti sunadziwe. Ndavomera. Koma udzifunse kuti chinakubisira n'chiyani. Lipoti linafika pa desiki yako lili loyera chifukwa kabuku kako komweko kanalichapa.

Fomu ndinailemba katatu. Ulendo uliwonse ndinkadula mzere pa mabokosi awo aja n'kulemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti NGOZI, ZALA ZIWIRI. Ulendo uliwonse inkabwerera kuchokera ku ofesi ndi kapepala koti mlangizi agwiritse ntchito chilankhulo cha banja.

Pa geti pali bolodi lija lowerenga masiku opanda wovulala. Magazi a mlamu wako ndinakolopa ndekha pansi pa macheka, koma m'mawa mwake mlonda anawonjezera tsiku pa bolodi monga anamuuzira. Ndinapirira milungu iwiri, ndikudutsa pansi pake. Lachiwiri ndinafufuta ndi dzanja la ovolosi n'kulemba ziro. Lachitatu ndinapeza abwezeretsa nambala. Ndinatenga sikuludiraiva, kulichotsa lonse, n'kukaliika pa desiki ya Manokunja pamwamba pa kapu yake ya tiyi.

Sanakalipe. Akanakalipa tikanamvana, chifukwa chilankhulo chimenecho ndimachidziwa. Anandikhazika pa mpando wofewa n'kunena kuti, "M'bale wanga, ululu wanu tikuumva tonse." Ndinamufunsa kuti iye akuumva pa chala chiti. Anamwetulira n'kutsegula dirowa. Kalata inali yolembalemba.

Akuti sindinaimitsidwe ntchito. Akuti banja landipatsa "nthawi yolingalira," mwezi umodzi, wopanda malipiro. Ndikafuna kubwerera ndisayine pepala lovomera kuti mawu anga anapweteka abale.

Ndinaiwerenga kawiri kalatayo. Iwe ndinakuphunzitsa kugwira pensulo ndine, kalembedwe kako ndingakazindikire ngakhale utalembera pa makina. Ziganizo zake n'zako, zofewa ngati mmene umalembera ukafuna kupepesa. Zaka makumi awiri ndi zitatu palibe bwana anandithamangitsapo. Wandithamangitsa ndi mwana amene ndinamulipirira sukulu ndi makutu angawa.

Pepala lawolo sindisayina.

Bambo ako

16 Malichi

Bambo,

Kalata yanu ndalandira. Ndikufunsani za moyo wanu, koma lero sindilemba zofewa.

Zimene ndalakwa ndizinena ndekha. Kalata imene anakupatsani ndinaikonza ndine, inde, miyezi inayi yapitayo, kuti izigwira ntchito kwa munthu aliyense m'nthambi iliyonse. Sindinaganize kuti tsiku lina pamalo opanda kanthu paja adzalembapo dzina lanu. Fomu sindinakonze ndine. Tsegulani kabukuko tsamba lachisanu ndi chinayi: ndinalemba kuti phunziro ndi chinthu chimene chikanavulaza munthu koma sichinamuvulaze. Anthu ena mu ofesi muno anaona kuti ngozi zikachepa pa pepala, kampani imaoneka bwino kwa ogula ndi kwa a inshuwalansi, ndiye anachotsa bokosi la ngozi. Fomuyo ndinaiona mu Januwale. Ndinaona kuti bokosi palibe. Ndinakhala chete chifukwa inali nthawi imene aliyense ankanditamanda m'makonde. Limenelo ndi tchimo langa ndipo sindikulipatsa dzina lina.

Ndinapita kwa mkulu wa ofesi yathu kukanena za alamu. Anandiyankha kuti tisafulumire kupereka dzina ku chinthu chimene chikadali kufufuzidwa.

Tsopano zanu. Timapepala topanda mayina tija ndikadali nato. Kuchokera ku gawo la macheka la nthambi yanu kunabwera timapepala khumi ndi tinayi. Khumi ndi kamodzi tinanena chinthu chimodzi: amaopa kapitawo. Mukudziwa kuti amakutchani Chiphaliwali? Wina analemba kuti kuli bwino thabwa limumenye kusiyana n'kukauza inu kuti makina akulira mosayenera. Ndinawerenga zimenezo ndili pa desiki ino, ndinadziwa kuti akunena bambo anga, ndipo sindinadabwe.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu ndinaphwanya galasi la pazenera la kuchipinda, chidutswa n'kundilowa kuphazi. Ndinayenda nacho masiku anayi m'nsapato, mpaka malemu amayi anamva fungo. Sindinkaopa galasi. Kabuku kaja ndinalembera anthu onga mwana ameneyo, ndipo pamene ndinkalemba ndinkamva mawu anu m'makutu.

Munandiphunzitsa ndinu kuti bawuti siguluka tsiku limodzi, imayamba yagwedera. Chotchinga chija chinagwedera masiku angati? Amene amaima pa macheka amenewo tsiku ndi tsiku sanachione? Pitani mukawafunse alamu kuti anachiona liti, ndiponso chifukwa chake sanakuuzeni, inu apongozi awo amene mumaima mapazi khumi kuchokera pamene iwo amaima.

Chitsiriza

30 Malichi

Mng'ono wanga,

Tilipo. Bala la alamu ako likuuma, ulusi anachotsa. Ukudabwa kuti bambo sanakuyankhe, ndiye ndikuuze zimene kalata yako inachita.

Lamulungu lapitali m'mawa anabwera kunyumba kwathu, kalata ikuonekera m'thumba la malaya. Anakana mpando. Alamu ako anali akulimbana ndi mabatani a shati, chifukwa amakana kuti ndiziwathandiza. Bambo anawafunsa ali chiimire kuti chotchinga chija anachiona liti chikugwedera. Alamu ako anayang'ana kwa ine, kenaka pansi, n'kunena kuti milungu itatu ngozi isanachitike. Anati anachimanga okha ndi waya.

Bambo anafunsa chifukwa chake sanawauze. Alamu ako anayankha motsitsa, bambo osamva. Anayankhanso, bambo n'kuloza khutu. Ndiye munthu amene sindinamumvepo akukweza mawu chikwatirane, anachita kufuula m'nyumba mwake, ana akumva:

"Tsiku limene ndinafuna kunena, bambo, munali mutangomutcha mnzanga chitsiru chibadwire pamaso pa tonse chifukwa cha lamba wa makina woduka. Ndinaona kuti waya ndi wapafupi."

Bambo anaima kanthawi akuyang'ana dzanja lija. Tiyi anali pa tebulo, sanamukhudze. Anatuluka. Chiyambire tsiku limenelo sakutuluka m'nyumba mwawo, chakudya ndikawapititsira ndimapeza cha dzulo chili chivundikirire.

Mwina ukuganiza kuti wapambana. Ine ndakwiya nanu nonse awiri. Wina akuti vuto ndi mawu ofewa, wina akuti vuto ndi mawu olimba, mukukokerana makalata pamwamba pa dzanja la mwamuna wanga ngati ndi tebulo la msonkhano. Iye pano akuphunzira kugwira supuni. Mwana wathu wamkulu anamufunsa ngati zala zimameranso, iye n'kuseka kuti mwana asalire.

A inshuwalansi akuti fomu imalandiridwa pasanathe masiku makumi asanu ndi limodzi chichitikire ngozi. Werengera wekha, poti ndiwe wophunzira. Ndaika m'envulopu ino imodzi mwa mafomu amene bambo analemba aja, amene anabwezedwa. Ikungosowa siginecha ya bwana. Mabwana onse uli nawo m'nyumba imodzi. Usandilembere kalata yokoma, ndakhuta nazo.

Mkulu wako

14 Epulo

Akulu anga,

Ndikhulupirira alamu akupeza bwino. Fomu yalowa. Ndinakaisiya ndekha ku likulu la a inshuwalansi Lachisanu, anadinda chidindo ndikuona. Kapepala ka umboni kali m'katimu, mukasunge pouma.

Zinayenda chonchi. Ndinayesa maofesi atatu, aliyense ankanditumiza kwa mnzake. Lachiwiri kunali msonkhano wa akuluakulu a kampani, pamodzi ndi alendo amene amagula mipando yathu yambiri, ndipo ine ndinali pa ndandanda kuti ndilankhule za mmene kalankhulidwe katsopano kasinthira banja lathu. Ndinawerenga tsamba loyamba monga analivomerezera. Kenaka ndinatsika pa nsanja, kukaika fomu ya bambo patsogolo pa mkulu wa kampani, ndi cholembera pamwamba. Ndinati:

"Munthu uyu wataya zala ziwiri pa makina athu. Ngati muli ndi liwu lina limene a inshuwalansi angalandire, ndiuzeni ndilembe. Ngati palibe, sayinani pamenepa."

Mmodzi wa alendo anapempha kuti aione. Mkulu uja anasayina mwachangu fomu isanafike kwa mlendoyo. Musaganize kuti ndi chifundo.

Lachinayi anandimasula. Kalata yake ndi yomwe ndinakonza ndekha, ngakhale pamene ndinalakwitsa chilembo mu ndime yachiwiri sanakonze. Kabuku kakadalipo, Manokunja akadalipo. Bokosi la ngozi alibwezera pa fomu, pansi penipeni, ndi tizilembo tating'ono. Ndamvanso kuti bambo awaitana popanda kusayina chilichonse, chifukwa pali oda yaikulu ya mipando ndipo palibe wina wodziwa kutchera macheka aakulu aja.

Sindikupempha kuti mundikhululukire msanga. Zala sizili pa fomuyo. Bambo sindiwalembera, akafuna alemba okha.

Mng'ono wanu

11 Meyi

Chitsiriza,

Moni. Ndamva zimene unachita ndi zimene anakuchita. Sindikuyamika, chifukwa munthu wozimitsa moto umene anayatsa yekha sapatsidwa mendulo. Koma chipinda chako chilipo, ndachotsamo matabwa amene ndinkasungamo. Ukatopa kufuna ntchito kumeneko ubwere.

Ndinabwerera ku ntchito kumapeto kwa mwezi watha. Tsiku loyamba, mabatani a makina asanadindidwe, ndinaitana anthu anga onse khumi ndi atatu otsala. Sindinawatche abale, abale anga ndimawadziwa. Ndinatenga pepala ndi pensulo n'kunena kuti aliyense anene chimene chikugwedera, chikutentha kapena chikulira mosayenera pamalo pake, ndipo lero palibe amene atukwanidwe.

Ndinayang'ana wotchi, mphindi zinayi zinadutsa. Amuna a ndevu, ena ndagwira nawo zaka khumi ndi zisanu, akuyang'ana nsapato zawo. Ndinatsala pang'ono kuwakalipira kuti kodi ameza malilime. Ndinaluma pensulo mpaka inasweka, n'kutenga ina.

Woyamba kulankhula anali mkulu uja wonola mano a macheka, amene timafanana zaka. Anati switchi ya makina opalira imagwira dzanja kukagwa mvula. Ndinamufunsa kuti chiyambire liti. Anati chaka chatha. Ndinatsegula pakamwa, onse n'kubwerera m'mbuyo phazi limodzi, ndikuwaona ndi maso angawa. Ndinatseka pakamwa n'kulemba. Atatha iyeyo anayamba kulankhula mmodzimmodzi, moyandikira khutu langa. Zinthu zinakwana khumi ndi chimodzi. Khumi ndi chimodzi, m'gawo limene ine ndinkalumbira kuti ndimadziwa bawuti iliyonse. Zitatu mwa izo zikanatha kupha munthu.

Ndikupinda pepala, wonola mano uja anati pali chinanso chimene chimavulaza anthu m'gawo muno. Ndinati achinene. Anati, "Pakamwa panu, akapitawo." Wina anatsokomola. Ndinamuyang'ana nthawi yaitali, iye osaphethira. Ndinatambasula pepala n'kulemba nambala khumi ndi ziwiri.

Pepalalo ndinakalipereka kwa Manokunja momwemo. Anawerenga n'kunena kuti ndi mphatso yamtengo wapatali. Ndinamuuza kuti alitche chilichonse chimene akufuna, koma makina atatu aja sayaka mpaka akonzedwe, ndipo mafuzi ake a magetsi ali m'thumba langa. Oda yawo yaikulu inaima masiku asanu. Lachisanu amisiri a magetsi anabwera.

Zisanu ndi ziwiri zakonzedwa, zinayi akuti zida zake zili m'njira. Chomaliza chija chikuvuta. Dzulo lomweli ndinakalipira munthu chifukwa chosiya chingwe cha magetsi panjira, mawu anatuluka ndisanawaone. Ndinayenda mpaka kukhomo, n'kubwerera kukamuuza kuti chingwe achotsebe, koma dzina ndinamutchalo si lake. Anandiyang'ana ngati ndadwala.

Mlamu wako ayamba ntchito mwezi wamawa, amuika ku sitolo ya zida. Ndikadutsa pakhomo pawo amandipatsa moni ndi dzanja lamanzere, ndipo ine ndimalandira.

Bambo ako